Nyenyezi Zinayi za Florent

Filimu yathu inatuluka Lachitatu, ndipo pofika Lachisanu amayi ogulitsa nsomba pamsika wa m'tauni ya Nouméa anali atayamba kundiitana kuti "mkwatibwi". Sindinama, zinkandikoma. Ine Odile ndine namwino wamba wa ku chilumba cha Lifou. Ndinangolowa mufilimu chifukwa Solange, mnzanga wa kusukulu amene anaikonza, anasowa mtsikana wodziwa kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Nkhani yake ndi yosavuta. Mtsikana akufuna kukwatiwa, koma malume ake aumbombo abisa zilazi zoyenera kuperekedwa paukwati. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, kenako chakumapeto amayamba kufunafuna mipango. Mkwatibwi ndinali ine. Mkwati anali Dimitri wa m'mudzi mwathu, amene wakhala akundifuna kuyambira tili kupulayimale ndipo mawu oti "ayi" sawamva. Malume aumbombowo anali malume anga enieni, a Siméon, mlongo wawo wa mayi anga.

Olemba nkhani anagawanika. Wina pawailesi anati filimuyo ndi yaitali ngati ulaliki wa pa Khrisimasi. Wina anati Solange wajambula nyanja mochuluka ngati akuitanira alendo. Ine zonsezo sizinandikhudze. Ndinkadikira mmodzi yekha, Florent, amene amalemba za mafilimu m'nyuzipepala ya Lachisanu. Tinali titakhala pachibwenzi miyezi isanu ndi itatu, ndipo Loweruka la sabata yotsatira ankayenera kukaonekera kwa malume. Kwathu mwana wamkazi sakwatiwa malume ake asanavomere. Bambo akhoza kumwetulira, mayi akhoza kululutira, koma malume akangokhala chete ukwati palibe.

Uthenga wa Florent unandipeza ndili m'basi.

"Wagula nyuzi?"

"Ndagula. Filimu waipatsa nyenyezi zinayi! Yachisanu wapatsa ndani?"

"Yachisanu ndasungira ukwati wathu."

"Pakamwa pako. Nanga ine bwanji wangondipatsa kamzere kamodzi?"

"Tauni yonse ikudziwa kuti ndiwe wanga. Ndikakutama anena kuti ndalemba ndi mtima, osati mutu. Koma taona za malume. Ndawapatsa ndime yathunthu. Akawerenga andipatsa iwe pamodzi ndi munda womwe."

Ndinaiwerenganso ndimeyo. Inati: "Bambo Siméon sakuchita sewero ayi. Kamera yangowapeza mmene alili. Umbombo umene tikuuona pankhope yawo palibe sukulu ingauphunzitse. Munthu amachita kubadwa nawo."

Za Dimitri analemba mawu ochepa chabe: "Mkwati ali ndi mapewa abwino."

Ndinaseka mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandiyang'ana. Vuto sindinalione ngakhale pang'ono. Ndakhalitsa m'tauni, ndi mmene ndingadzikhululukire.

*

Lamlungu masana foni inalira. Anali mayi Rosine, akazi a malume.

"Odile, mwamuna wako uja mutu wake umayenda bwinobwino?"

"Chachitika n'chiyani, mayi?"

"Malume ako sanadye. Angokhala pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana nkhuku."

"Akudwala?"

"Akudwala nyuzipepala. Dimitri wabwera nayo kutchalitchi. Paja magalasi awo anapatsa m'busa wopuma uja mwezi watha, ndiye anati, Dimitri mwana wanga, tandiwerengera zimene alemba za ine. Waziwerenga panja, mpingo wonse uli pomwepo. Katatu! Kachitatu anachita kuimirira pabenchi."

Ndinaionanso ndime ija, koma tsopano ndi maso a kumudzi.

Muyenera kuwadziwa malume anga. Ndi munthu amene sitima ikafika amapita kudoko kukafunsa ngati pali mlendo wosowa kogona. Wilibala yawo anapatsa mnansi, ndipo masiku ano amachita kukaibwereka. Zilazi zoyamba za m'munda mwawo zimathera m'makomo a anthu. Chilumba chonse chinaseka Solange atawasankha kuti akhale munthu waumbombo, ndipo nthabwala ya filimuyo kwa ife inali yomweyo. Ndiye lero mnyamata wa m'tauni, amene akufuna mwana wawo, walemba kuti dziko lonse lidziwe kuti a Siméon anabadwa ndi dzanja lofumbata.

"Ndiye akuti bwanji za Loweruka?" ndinafunsa.

"Akuti abwere. Akufuna amuone munthu amene amawadziwa kuyambira tsiku limene anabadwa."

*

Florent ndinakumana naye Lolemba madzulo pabenchi ya m'mbali mwa nyanja. Anabwera ndi ayisikilimu awiri, akumwetulira ngati munthu amene wawina mpikisano. Nditamufotokozera, wake anayamba kusungunukira m'dzanja.

"Koma Odile, pantchito yathu palibe chiyamikiro choposa chimenecho! Ku Paris munthu ukamulembera kuti sakuchita sewero, amadula pepalalo n'kulipachika pakhoma."

"Malume si a ku Paris."

"Ndimatanthauza kuti luso lawo silioneka n'komwe!"

"Eya, silinaoneke. Chaoneka ndi umbombo."

Anagwira mutu. Ndinamumvera chisoni, koma ndinamusiya avutike pang'ono. Mwamuna wodziwa mawu ambiri amafunika nthawi zina mawuwo amuthere.

"Ndi Dimitri ameneyu," anatero. "Akufuna andichotse panjira."

"Unamuputa wekha. Munthu waloweza mawu miyezi iwiri, iwe n'kungoona mapewa?"

"Nanga ndikanaona chiyani? Mmene anakupsompsonera paja? Solange anandiuza kuti munabwereza kasanu ndi kawiri."

"Ankalakwitsa dala."

"Ndikudziwa kuti ankalakwitsa dala! Ndicho chifukwa chake ndinalemba za mapewa."

Apo ndinalephera kudzigwira, ndinaseka. Nsanje yake imandisangalatsa, ngakhale sindimuuza. Ndinamupukuta dzanja ndi mpango wanga, kenako ndinamuphunzitsa zoyenera kuchita. Florent anabadwira konkuno ku Nouméa, mwambo wopereka nsalu ukafika pakhomo pa eni amaudziwa, koma wopepesa anali asanauchitepo.

"Ukagule nsalu yabwino ndi fodya. Ukalowa m'nyumba uwerame, ukhale pansi, uike nsaluyo pamphasa patsogolo pawo. Ulankhule pang'ono. Ndati pang'ono, Florent. Usakafotokoze mbiri ya mafilimu."

"Kenako?"

"Akaigwira nsaluyo ndiye kuti akhululuka. Akaisiya pomwepo, ukwere ndege yamadzulo, ukafune mkazi amene malume ake sadziwa kuwerenga."

"Paja wati alibe magalasi."

"Ali ndi Dimitri."

*

Tinatera ku Lifou Loweruka m'mawa. Titafika pakhomo pa malume tinapeza utsi ukufuka kuseri kwa nyumba. Ngakhale anali okwiya, malume anali atapha nkhuku zitatu kuti aphikire mlendo bunya, chakudya chathu cha zilazi ndi nyama zokulunga m'masamba a nthochi. Ndipo amene ankatembenuza miyala yamoto, malaya atavula, anali Dimitri.

"Mwafika, a nyuzipepala!" anakuwa. "Ndabwera ndi mapewa anga kuti muwaonenso pafupi."

"Ndawaona, achimwene. Akadali abwino," anayankha Florent.

"Odile, mkazi wanga wa mufilimu, sundipatsa moni?"

"Filimu inatha, Dimitri. Vala malaya, udzudzu ukutha."

Mayi Rosine anatilowetsa m'nyumba yozungulira ya udzu. Khomo lake ndi lalifupi kuti aliyense alowe mowerama, koma Florent chifukwa cha mantha anawerama mochedwa n'kudzigunda pachipumi. Malume anali atakhala pamphasa pafupi ndi mzati wapakati, atavala malaya awo a kutchalitchi. Sanaseke. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zavutadi, chifukwa malume munthu akadzigunda pakhomo paja amaseka mpaka kutsokomola.

Florent anakhala pansi, naika nsalu ndi fodya pamphasa.

"Bambo, ndabwera ngati mwana pamaso panu. Ndinalemba mawu amene anakupwetekani. Ndaika nsalu iyi kupempha kuti mundikhululukire." Anapuma, ndipo ine ndinayamba kuthokoza Mulungu. "Ngakhale kwenikweni, tikatengera luso la mafilimu, mawu aja..."

Ndinamutsina pantchafu. Anatseka pakamwa.

Malume anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali. Manja awo sanachoke pamawondo.

"Mwamaliza, a nyuzipepala?"

"Ndamaliza, bambo."

"Tiyeni tidye kaye. Munthu waumbombo wakuphikirani."

Chakudya chinali chokoma, koma chinkatsika movuta. Malume ankangomuonjezera Florent m'mbale, ntchafu ya nkhuku, chilazi, nthochi, ntchafu ina. Florent ankadya ngati akulipira mlandu. Nsalu inali pomwe paja, ndipo mphaka anapita kukaigonera.

Titasamba m'manja, malume anatsokomola.

"Zoti ndine waumbombo sizinandipweteke kwambiri. Pachilumba pano aliyense akudziwa kumene wilibala yanga ili. Chimene chandisowetsa tulo ndi china. Miyezi itatu, a nyuzipepala. Miyezi itatu ndikuphunzira kufumbata dzanja. Ndinkaima pagalasi m'mawa uliwonse kuphunzira kuyang'ana munthu ndi diso limodzi. Rosine, ndikunama?"

"Anandimana shuga sabata yathunthu, akuti akuyeserera," anatero mayi Rosine. "Ndinatsala pang'ono kubwerera kwathu."

"Ndinaonda nayo ntchito imeneyi. Ndiye inu mukubwera n'kunena kuti sindinachite kalikonse. Akuti kamera inangondipeza, ngati nkhanu pansi pa mwala. Mnyamata wa mapewa uja mwamupatsa mapewa ake. Ine mwandilanda thukuta langa."

Florent anatsegula pakamwa, koma malume anakweza dzanja.

"Solange anandisiyira filimuyi. Tiionera limodzi. Nthawi ino muone ine."

*

Tinasamukira m'nyumba ya malata mmene muli wailesi ya kanema. Mayi Rosine anatseka makatani, ndipo malume anauza Florent kuti anyamule mphasa pamodzi ndi nsalu yake, aiyale patsogolo pawo. Dimitri anaima pakhomo, manja atapinda, kudikira maliro.

Filimu inayamba. Ine sindinkaona kanema, ndinkaona Florent. Poyamba anali wouma ngati mtengo. Koma munthu uyu mafilimu ndi matenda ake. Patapita kanthawi anaiwala mantha, anasendera kutsogolo, maso akuyenda kuchoka pa malume a m'kanema kupita pa malume a pampando. A m'kanema ankayenda chogwira m'thumba. A pampando anali akusenda lalanje n'kumagawira aliyense, iwo osadyako.

Tinafika pamalo aja pamene aliyense amalira. Malume a mufilimu apita pamanda a mlongo wawo, afukula chilazi chachikulu chimene anabisa, n'kuyamba kupepesa. Malume anaimitsa filimu pomwepo, nkhope yawo ili yodzaza kanema yonse, pakamwa pali yasa.

"Apa mukuti bwanji?"

Ndinamuyang'ana Florent ndi maso onena kuti, tama, mwamuna iwe, tama mpaka denga ligwe. Anandiona. Kenako anayang'ana kanema, ndipo ndinaona nkhope ija imene amakhala nayo akamalemba. Ndinadziwa kuti tapita.

"Apa, bambo, munaonjeza."

Mayi Rosine anasiya kutafuna. Dimitri anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Ndinatani?"

"Munaonjeza. Munayamba bwino kwambiri. Dzanja lija likunjenjemera pachilazi, osalankhula kanthu, zinali zokwanira. Ine ndinalira pamenepo. Koma kenako munadziguguda pachifuwa kawiri, n'kuyang'ana kumwamba, n'kugwada. Zinachuluka. Pamenepo ndinasiya kuona malume a mkwatibwi, ndinaona munthu akuchita sewero."

Ndinatseka maso. Ndinayamba kuganiza za ndege yamadzulo.

"Munaona chiyani?" Mawu a malume anali otsika.

"Munthu akuchita sewero, bambo."

Phaa! Malume anadzimenya pantchafu mpaka mphaka anathawa.

"Rosine! Wamva? Waona munthu akuchita sewero! Dimitri, wamva iwe? Bwerezanso, mnyamata, ena kuno makutu awo ndi ovuta!"

"Munachita sewero, bambo. Ndipo pamenepa munalichita mopitirira."

"Ndinamuuza Solange! Iye ankati dontho limodzi la msozi likwana. Ine ndinati, mwana iwe, anthu alipira pakhomo, apatse misozi yokwanira. Kudziguguda kuja ndinakupeka ndekha, palibe anandiuza!" Ankaseka mpaka kutsokomola, kuseka kuja kumene ndinakusowa m'mawa. "Kwina kumene ndinaonjeza ndi kuti? Nena, usaope."

Anabwezera filimu kumbuyo. Kwa ola lathunthu anthu awiriwa anakangana ngati ana. Florent anawaonetsa mmene amasinthira kayendedwe akalowa m'munda, mmene amabisira chala chachikulu m'dzanja akamapereka moni. Malume ankangoti, "Waona? Zimenezonso waona?" Penapake anakana kuti sanalakwitse, ndipo anatsala pang'ono kukwiyanso. Dimitri tinangozindikira kuti wachoka.

Kenako malume anamuyang'ana Florent.

"Ngati unaziona zonsezi, bwanji sunalembe?"

Florent anayang'ana pansi. "Ndinkafuna Odile, bambo. Ndinaganiza kuti ndikakutamani kopanda banga mudzandikonda."

"Ndiye unandipaka mafuta kuti undibere mwana."

"Eya, bambo."

"Mkamwini wonyengerera sindimufuna. Amakuuza kuti denga lili bwino mvula ikukudonthera. Koma wondiuza pamaso kuti ndaonjeza, ameneyo tikhoza kudya naye." Anaweramira kutsogolo. "Ine pandekha ukundipatsa nyenyezi zingati?"

"Zitatu."

"Iwe! M'nyumba mwanga? Utadya nkhuku zanga?"

"Zitatu ndi theka."

Malume anatambasula dzanja, naitola nsalu ija, naisasa ubweya wa mphaka, n'kuiika pamiyendo pawo. Mayi Rosine analulutira. Ine misozi inangotsika, ya chimwemwe chenicheni, yopanda Solange wondiuza kuti ndiyambe.

"Uuze akwanu abwere tikakumba zilazi," anatero malume. "Koma zinthu ziwiri. Lachisanu ulembenso, unene kuti Siméon anachita sewero, ndipo pamanda anaonjeza. Chachiwiri, mawu ako oyamba aja afe. Ndisadzawamvenso kulikonse. Tsiku limene ndidzawamvenso, nsalu iyi ndidzakubwezera ndi manja anga."

"Afa kale, bambo," anatero Florent.

*

Masana amenewo anali okoma kuposa onse amene ndikuwakumbukira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikumwa tiyi. Malume anamangirira nsalu ija m'chiuno n'kumayenda nayo pabwalo, akuuza aliyense wodutsa kuti mkamwini wawo ndi munthu wovuta kumusangalatsa. Anatenga Florent kukamuonetsa munda, ndipo pobwerera anali atamupatsa kale chipewa chawo.

"Ndinakuuza kuti andipatsa ndi munda womwe," anandinong'oneza Florent.

"Chipewa si munda. Ndipo chipumi chako chatupa."

"Ukundikondabe ndi chipumi chotupa?"

"Nyenyezi zitatu."

"Ndi theka?"

"Theka ukalipeza paukwati."

Malume anakhala pampando wawo n'kuyamba kulongosola za ulendo. Filimu inali itatengedwa kuti ikaonetsedwe ku Paris mwezi wotsatira, ndipo Solange anali atawalonjeza kuti nkhope yawo ndiyo idzakhale pachikwangwani cholengezera. Anali atabwereka kale jekete lochindikala.

Foni yanga inanjenjemera. Unali uthenga wa Dimitri, ndi chithunzi.

"Mkazi wanga wa mufilimu, ndinaiwala kukuuza. Sabata yatha a ku Paris ankafuna mawu a m'nyuzi oti aike pachikwangwani, ndiye ndinawathandiza kusankha. Awakonda kwambiri. Asindikiza kale. Zikwangwani makumi awiri zikubwera pa sitima ya Lolemba, china tikachimata pamsika. Moni kwa alamu."

Ndinatsegula chithunzicho. Nkhope ya malume inali pakati, diso limodzi lotsinzina, chilazi atachikumbatira pachifuwa. Chinali chikwangwani chokongola zedi. Pamwamba pa mutu wawo panali nyenyezi zinayi, ndipo pansi pake, m'zilembo zazikulu zofiira: "SAKUCHITA SEWERO. UMBOMBO UMENEWU ANACHITA KUBADWA NAWO." Dzina la Florent linali pomwepo, lonse lathunthu.

Ndinayesa kubisa foni m'diresi, koma malume maso akutali ali nawo.

"Chimenecho si chikwangwani changa? Ndaona chilazi! Bwera nacho kuno, mwana iwe."

"Sichikuoneka bwino, malume, netiweki..."

"Bweretsa."

Anailandira ndi manja awiri. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, n'kumwetulira ngati mwana.

"Rosine, tadzaona mwamuna wako! Ndi nyenyezi zomwe! Koma tizilembo tofiirati tikungovina." Anasisita nsalu ya m'chiuno mwawo, n'kupereka foni kwa Florent. "Mwana wanga, iwe ndiwe wa maso abwino, ndipo sunama. Tandiwerengera mokweza, amve onse."